Taco ali ndi tsiku lake, nanga nsima yathu inalakwanji?

Ndiyambe ndi kupepesa kwa akuluakulu nonse, makamaka inu apongozi amene mwabwereka nyuzi ino kwa akamwini anu. Chakudya chimene tikambirane sabata ino eni ake amachilemba kuti taco, koma potchula amati "tako". Tsono inu mukudziwa kale zimene Mmalawi amachita akafuna kuchulukitsa dzina lachilendo: amangoika "ma" kutsogolo, monga mabasi, mavenda, masikono. Tayesani kuika "ma" pamenepa muone ngati simuthawana pakhonde. Choncho m'nkhani muno, kaya ndi mmodzi kaya ndi khumi, tizingoti taco basi.

Mukatha kuseka mumve izi. Kachakudya kameneka, kamene kwawo ku Mexico kamagulitsidwa m'mbali mwa msewu ngati kanyenya, kali ndi tsiku lakelake pachaka. Ku Mexico ndi pa 31 Malichi. Ku America ndi Lachiwiri loyamba la mwezi wa Okutobala. Patsikuli ogulitsa amatsitsa mtengo, ena amaika mbasela, mawailesi amalengeza, anthu n'kuima pamzere ndalama zili m'manja. Dzuwa likamalowa, thumba la wogulitsa limakhala litalemera.

Ndipotu taco ameneyu ndi chimanga. Chimanga chomwechi chimene inu mayi mukuyeza pandowa ku Ndirande, chimene inu achimwene mukuotcha padepoti ku Mzuzu. Ndiye funso langa nali: ngati chimanga cha anzathu chili ndi tsiku lake, nsima yathu inalakwanji?

NSIMA NDI NDIWO ZA M'MANJA

Kwa amene simunamuone, taco ali chonchi. Pali kamkate kopyapyala ka chimanga, kozungulira ngati chapati koma kongokwana pachikhatho. Eni ake amakatcha tortilla. Amakaotcha pachiwaya chotentha popanda mafuta. Kakapsa amaikapo ndiwo pang'ono, kaya nyama, kaya nyemba, kaya nsomba, n'kuwazapo anyezi, tomato, tsabola ndi madzi a ndimu. Kenaka amapinda, n'kudya ndi manja ali chiimire. Palibe mbale yotsuka, palibe supuni yobedwa. Kunena mwachidule, ndi nsima ndi ndiwo zimene munthu amadya akuthamangira basi.

Dera lililonse lili ndi taco wake. A m'mphepete mwa nyanja ku Baja California amaikamo nsomba. A ku Oaxaca amaikamo ziwala zokazinga, ndiye inu okonda ngumbi ndi bwanoni musadzione otsalira. Mu mzinda wa Mexico City wotchuka ndi wa nyama ya nkhumba yootcha pachitsulo chozungulira, luso limene linabwera ndi anthu ochokera ku Lebanon. Aliponso anyamata amene amadzaza taco m'dengu, kufunditsa nsalu kuti asazizire, kumanga dengulo pa keliyala ya njinga n'kumazungulira m'makwalala. Kodi si geni yathu yomweyi?

Ndipo musaganize kuti ndi chakudya chonyozeka. Mu Meyi 2024, kamalo kena kakang'ono ku Mexico City kotchedwa El Califa de León, kopanda ndi mpando womwe wokhalira, kanalandira nyenyezi ya Michelin. Imeneyi ndi mphoto imene kawirikawiri imapita ku malesitilanti a mabwana, kumene mbale imodzi mutha kulipirira mwana fizi. Koma inagwera pachiwaya cha m'mbali mwa msewu.

CHIMANGA KWAWO NDI KOMWEKO

Ife timati chimanga ndi moyo, ndipo ambiri timayesa kuti Chauta anachilengera m'munda mwa agogo athu. Iyayi. Chimanga kwawo ndi kum'mwera kwa Mexico, kumene anthu anachiweta kuchokera ku udzu wakutchire zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ku Africa kuno chinabwera ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, n'kumalowa kumtunda pang'onopang'ono ndi anthu amalonda. Makolo athu akalekale nsima yawo inali ya mapira ndi mawere, amene ku Rumphi amati lipoko.

Si chimanga chokha. Nyemba, tomato, tsabola, maungu, mapeyala, mbatata, chinangwa, mtedza, ngakhale fodya amene amadyetsa mabanja a ku Bolero ndi ku Hewe, zonsezi zinachokera kutsidya komweko, maiko a America. Mutachotsa pamsika wanu zonse zochokera kumeneko, mabenchi ambiri angatsale mbee!

Chibalecho sichinathere pa Apwitikizi. Likulu la bungwe lofufuza za chimanga padziko lonse, la CIMMYT, lili ku Mexico. Mbewu za MH17 ndi MH18 zimene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa mu 1990 anazipanga pokwatitsa mbewu za kuno ndi mbewu yochokera ku bungwe limeneli. Ankafuna haibulidi wolimba, wokonoleka bwino mumtondo ngati chimanga cha makolo, poti amayi anali atakana haibulidi wofumbutuka. Ngakhale mbozi zija zinatisautsa m'minda kuyambira 2017, kwawo ndi komwekonso. Zinangolondola ndiwo zawo.

TSIKULI ANALIPANGA NDANI?

Apa ndi pamene ndikufuna inu a geni mutchere khutu. Tsiku la taco si tchuthi cha boma. Palibe amene amaweruka kuntchito, palibe nduna imene imadula riboni. Analipanga ndi anthu amalonda.

La ku Mexico lija linayamba mu 2007, ndipo inaliyambitsa ndi kampani ya wailesi yakanema ya Televisa. Ku America nkhaniyi inayambira mu mzinda wa San Antonio m'zaka za m'ma 1960, pamene mkulu wina dzina lake Roberto Gomez ankalimbikitsa anthu a mtundu wake, ochokera ku Mexico, kuti azinyadira chakudya chawo. Pambuyo pake makampani a malesitilanti anakometsa tsiku la 4 Okutobala, mpaka aliyense anazolowera. Koma mu 2024 kampani ya Taco Bell inagwirizana ndi anthu osunga kalendala ya masiku oterewa, n'kulisuntha kuti lizikhala Lachiwiri loyamba la mweziwo. Chifukwa chake? Kumeneko Lachiwiri lililonse malesitilanti amatsitsa mtengo wa taco, mwambo umene amautcha Taco Tuesday. Ndiye anafuna mbalame ziwiri zigwe ndi mwala umodzi wa legeni.

Mawu awiri amenewa, Taco Tuesday, anthu analimbirana ngati munda wa masiye. Kampani ya Taco John's inawalembetsa kuboma mu 1989 kuti ndi akeake, ndipo inkalembera makalata oopseza malesitilanti ena owagwiritsa ntchito. Mu 2019 katswiri wa mpira wa manja woponya m'nkhata, LeBron James, anayesa kuwalembetsa nayenso, boma n'kumukanira. Mu Meyi 2023 a Taco Bell anakasuma kuti mawuwo amasulidwe, ndipo pofika Julayi a Taco John's anagwetsa manja, ati ndalama za maloya zichuluka. Tangoganizani munthu atalembetsa mawu oti "nsima ya masana" n'kumakulipiritsani mukawalemba pachitseko cha lesitilanti yanu ku Mchesi!

Chowawa kwambiri n'chakuti Taco Bell imeneyi, imene ili ndi malo ogulitsira oposa 8,000, mwini wake woyamba sanali wa ku Mexico. Anali mzungu, Glen Bell, amene anaonera luso pa lesitilanti ya banja lina la Chimexico yoyang'anizana ndi pamene iye ankagulitsira, mu mzinda wa San Bernardino. Anatsegula Taco Bell mu 1962. Eni chakudya anatsala ndi kalesitilanti kawo, woonera n'kulemera. Komabe kampaniyo itapita kukagulitsa ku Mexico kwenikweniko, mu 1992 ndiponso mu 2007, maulendo onse awiri inabwerako manja ali m'khosi. Eni dziko anati zikomo, pachiwaya pathu pakutikwanira.

Phunziro lake ndi losabisika. Ukagona, chakudya cha agogo ako adzakugulitsa ndi mlendo, atachikulunga m'pepala lonyezimira.

TACO WA PHULUSA KU RUMPHI

Ine taco ndinamudyera ku Rumphi, osati ku hotela ya mumzinda. Unali Okutobala wa 2024, nditapita kukacheza kwa mlamu wanga amene amagulitsa nyemba pamsika wa pa Boma. Pafupi ndi kwawo pankakhala mtsikana wina wa ku America amene ankaphunzitsa pasukulu ina. Agogo ake anali ochokera ku Mexico, ndipo tsiku la taco litayandikira mwana wa eni anagwidwa ndi chifundo cha kwawo.

Anagula ufa woyera, kukanda, kuyesa kupapatiza. Unangofumbutuka ngati dothi la mchenga. Anayesa mgaiwa, chimodzimodzi. Pomwepo anatifotokozera kuti kwawo chimanga sachigayitsa chouma. Amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu wodyedwa, n'kuchisiya usiku wonse. Tsono laimu wotereyo akamupeza kuti pa Rumphi?

Mayi ake a mlamu wanga, gogo wa zaka zake, ankamvetsera ali pamphasa. Anafunsa kuti kodi laimuyo ntchito yake n'chiyani. Atamva kuti amachititsa madzi kuterera ndi kusupula khungu la chimanga, gogo anaseka mpaka kutsokomola. Ati nanga si chidulo chimenecho? Madzi a phulusa omwe aja timaphikira therere! Mtsikanayo anavomera kuti indedi, kumidzi ya kwawo amene alibe laimu amagwiritsa ntchito phulusa.

Lolemba madzulo ntchito inayamba. Anasefa phulusa la nkhuni, kulitcheza, madzi ake n'kuwiritsira chimanga chosakonola mpaka khungu litayamba kusupuka ukachifikisa ndi zala. Anaphula, n'kuchisiya m'madzi omwewo mpaka m'mawa. Kutacha anachitsuka kangapo pamjigo, chitasanduka chachikasu, chikununkhira fungo limene sindinalimvepo. Atsikana anasinja mumtondo, gogo n'kumalizitsa pamphero yake yoperera lipoko. Chimene chinatuluka chinali phala louma lomatika bwinobwino, lokandika ngati la mandasi. Anaumba timipira, kuika pakati pa mapepala awiri a pulasitiki, kudinikiza ndi kunsi kwa poto, n'kuponya pachiwaya. Mphindi imodzi uku, mphindi imodzi uku, kwatha.

Ndiwo zake zinali za pa Rumphi pomwepo: ntchunga za mlamu wanga, usipa wa ku Mlowe wokazinga, tomato, anyezi, kabichi, kambuzi ndi ndimu. Ana anadya mpaka kulimbirana chomaliza. Anyamata a kabaza amene anaima kuti aone anafunsa mtengo, kuyesa zogulitsa. Gogo anadya atatu, kupukuta pakamwa, kuthokoza kuti yewo chomene, kenaka n'kufunsa mpongozi wake kuti nanga sima ifika nthawi yanji.

Pamenepo gogo anaweruza mlandu wonse. Taco sangalande mpando wa nsima m'dziko muno. Mmalawi ngakhale adye mpunga wa Kilombero mbale ziwiri, amati wagona ndi njala. Amene angachite mantha ndi taco ndi mandasi ndi tchipisi.

ANATENGA MBEWU, ANASIYA NZERU

Nkhani ya phulusayi si yongokometsa chakudya. M'chimanga muli vitamini wina wotchedwa niacin, koma ndi womangika, thupi silitha kumutenga bwino. Laimu kapena phulusa ndi amene amamumasula. Amachepetsanso chuku, poizoni uja wa chimanga ndi mtedza wosauma bwino. Apwitikizi ndi anzawo a ku Spain ponyamula mbewu anasiya nzeru imeneyi padoko.

Zotsatira zake anaziona. Kulikonse kumene amphawi anayamba kudalira chimanga chokhachokha kunabuka nthenda ya pelagra: khungu limada ndi kusweka m'malo owombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi m'mikono, munthu amatsegula m'mimba, mutu umasokonekera, mapeto ake ndi maliro. Inasautsa ku Spain ndi kumpoto kwa Italy. Kum'mwera kwa America inapha anthu pafupifupi 100,000 pakati pa 1906 ndi 1940. Ku Mexico, kwawo kwa chimanga, inali yosowa.

Kuno kwathu tinaionanso. Mu 1990, anthu oposa 18,000 mwa abale athu othawa nkhondo ku Mozambique, amene ankakhala m'misasa ya kum'mwera kwa dziko lino, anadwala pelagra mtedza utasiya kubwera pa chakudya chimene ankalandira. Ife chimatiteteza ndi ndiwo: nsinjiro, nyemba, usipa, kanyama apo ndi apo. Ndiwo zikasowa, nsima ya ufa woyera ndi mchere yokha siikwanira, poti pokonola ndi poviika mphale zabwino zambiri zimapita ndi madeya kukanenepetsa nkhumba.

Inu mayi wogulitsa nyemba, inu bambo wa usipa, dziwani kuti pabenchi panupo mukugulitsa mankhwala.

UFUMU UMENE UNAYAMBA NDI GENI

Tsono tsiku la chakudya chathu tingaliike pati? Ine maso anga ali ku Bolero, kumadzulo kwa Boma la Rumphi, panjira yopita ku Hewe ndi ku Nyika. Kumeneko chaka ndi chaka, nyengo yomwe ino ya dzuwa, Atumbuka amasonkhana pa mwambo wa Gonapamuhanya, kukumbukira Chikulamayembe woyamba.

Mbiri yake ikukukhudzani inu a m'misika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunabwera munthu wamalonda kuchokera kutsidya la nyanja. Anamutcha Mlowoka, kutanthauza amene anawoloka. Ankagula minyanga ya njovu, n'kumapereka nsalu, mikanda ndi makasu, amene kumeneko amati mayembe. Ufumu wa Nkhamanga unamera pa malonda amenewo, ndipo dzina loti Chikulamayembe likukumbutsa makasu omwewo. Kunena mosapsatira, ufumu umenewu anauyambitsa ndi munthu wa geni, ndipo katundu wake wotchuka anali chida cholimira chakudya.

Pa Gonapamuhanya pamafika chinamtindi cha anthu: a ku Mzuzu, a ku Lilongwe, a ku Zambia, mafumu, andale, atolankhani. Magule amavinidwa, mbiri ya ufumu imalongosoledwa. Koma ine pamene ndinafikapo, m'mbali mwa bwalo chimene chinachuluka ndi tchipisi, mabisiketi a m'mapaketi ndi zakumwa za m'mabotolo, zomwezo mungazipeze pa siteji iliyonse. Ndipo mukumbuka kuti mu 2017 nkhani imene inatuluka ku Bolero inali ya chipwirikiti cha anyamata a zipani, osati ya chimene chinaphikidwa.

Chonsecho Rumphi ndi nkhokwe. Boma limeneli, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 229,000, lili ndi zonse: vingoma vya ku Nkhamanga, ku Hewe ndi ku Henga, khofi ndi nyemba za m'mapiri a Phoka ndi Mphompha, uchi wa alimi a njuchi a m'mphepete mwa Nyika, kondowole ndi usipa wa ku Mlowe ndi ku Chiweta, chindongwa choziziritsa kukhosi. Anzathu a Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde ku Mulanje anaitulukira kale nzeruyi. Munthu akamapita kumeneko amakhala akunena za kalongonda asanakwere n'komwe basi.

Dziko lapansi nalo linatipatsa kale satifiketi. Bungwe la UNESCO linaika kaphikidwe ka ku Mexico pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2010. Mu Disembala 2017 linaikaponso nsima ya Malawi, pa mndandanda womwewo pamene pali vimbuza wa Atumbuka ndi gule wamkulu. Anzathu satifiketi yawo anaipachika pakhomo la lesitilanti n'kumaitanira alendo. Yathu ili m'kabati ya ku Capital Hill. Ndi angati mwa inu amene munamvako?

TIWERENGERE ZA M'THUMBA

Ndikudziwa kuti wa geni sadya mbiri. Ndiye tiyeni tiwerengere.

Mandasi amafuna fulawa, ndipo tirigu pafupifupi yense amene timadya m'dziko muno amachokera kunja. Amafunanso mafuta ophikira, amene mbali yaikulu ya zopangira zake imagulidwa ndi ndalama zakunja. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu 2022, mtengo wa zonse ziwirizi unalumpha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, unalumphanso. Inu amayi a mandasi mukudziwa mmene mandasi anu anachepera mpaka kufanana ndi dzira la njiwa, makasitomala n'kumakunenani ngati ndinu munagwetsa kwacha.

Kamkate ka chimanga kaja sikafuna fulawa, sikafuna mafuta, sikafuna shuga, sikafuna yisiti. Kilogalamu imodzi ya chimanga imatulutsa timikate toposa 40. Phulusa muli nalo kale kukhitchini. Ndiwo zake ndi zimene mnzanu wa benchi yoyandikana nayo akugulitsa, ndipo tomato wofewa amene akanatayidwa madzulo ndiye wabwino kupangira supu wake wa tsabola. Ndalama yonse ikuzungulira mumsika momwemo.

Amene mukufuna kuyesa, samalani zinthu zitatu. Phulusa likhale la nkhuni kapena zitsononkho zoyera, osati la pamoto pamene mwatenthapo mapulasitiki ndi zinyalala. Laimu wa m'sitolo ya zomangira, wopaka nyumba uja, musamuyandikize kumphika. Ndipo tsukani chimangacho mpaka kuterera kutatha, apo ayi chiwawa. Yambani ndi kambale kamodzi panyumba, ana akhale oweruza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma ngakhale taco mutamukana, nzeru ya tsiku ija itengeni. Chigumu, zitumbuwa, futali, mbatata yootcha, chinangwa chophika, nkhwani wotendera, chigwada, thobwa: zonsezi ndi za m'munda mwathu, ndipo palibe chimene chili ndi tsiku.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Pali amene anganene kuti, kodi mkuluyu wapenga? Tsiku lokondwerera chakudya pamene anthu akugona ndi njala? Funso limeneli ndi lolemera. Mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Ndipo Okutobala ndi mwezi umene nkhokwe zimayamba kulira, ndalama za fodya zitatha, za feteleza zikufunika.

Anzathu a ku Mexico nawo njala ya chimanga amaidziwa. Mu Januwale 2007 mtengo wa tortilla utakwera modetsa nkhawa, anthu zikwizikwi anayenda m'misewu ya Mexico City, ndipo boma la Pulezidenti Felipe Calderón linachita kugwirizana ndi amalonda kuti kilogalamu isapitirire 8.50 pesos. Chaka chomwecho alimi anayambitsa gulu lonena kuti popanda chimanga palibe dziko, ndipo kuchokera m'gulu limenelo munabadwa tsiku lina, la chimanga chenichenicho, pa 29 Sepitembala. Patsikuli amaonetsa mbewu za makolo, amaphika, komanso amafunsa boma mafunso owawa. Tsiku la chakudya ndi bwalo. Pamene anthu asonkhana kudya nsima ndi pamene angafunse bwino kuti thumba la chimanga lafika pamenepa chifukwa chiyani, ndipo akupindula ndani pakati pa mlimi wa ku Hewe ndi wodya wa ku Chibavi.

Matope ena ndi ukhondo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Rumphi, makamaka kunyanja, sinasiyidwe. Makhonsolo analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika, ndipo amene anagona ndi njala ndi inu. Tsiku la chakudya lopanda ndowa ya madzi ndi sopo pabenchi iliyonse lingathe kutseketsa msika wonse. Chakudya chizituluka pamoto kasitomala akuona.

Ndipo inu okonda chinaka, paja kukumba m'nkhalango ya Nyika ndi mlandu. Tisakondwerere chakudya uku tikumaliza mbewu yake.

MPIRA ULI KWA MA TCHEYAMANI

Pa 15 Okutobala timakumbukira anakubala. Mawa lake, pa 16 Okutobala, ndi tsiku la chakudya padziko lonse, lokumbukira kukhazikitsidwa kwa bungwe la FAO mu 1945. Tsikuli kuno timalidziwa ndi magalimoto a mabwana, matenti, malankhulidwe ndi malaya ogawidwa. Amayi amene amaphikira tauni yonse tsiku ndi tsiku amangomva pawailesi.

Palibe lamulo loletsa komiti ya msika kutenga tsiku limeneli kukhala lake. Simufunika chilolezo cha nduna kuti mugwirizane zoti pa 16 Okutobala mbale ya nsima ya mgaiwa ndi nyemba itsike mtengo, wogula ziwiri alandire kapu ya thobwa, amayi apikisane kuphika nkhwani wotendera, oweruza akhale anyamata onyamula katundu amene amadziwa mphika uliwonse mumsikamo. Chikwangwani cha katoni pageti, mnyamata mmodzi wa mawu okweza, uthenga pa WhatsApp, basi. A ku San Antonio sanayambe ndi zoposa pamenepa.

Kwa akuluakulu okonza Gonapamuhanya, pempho langa ndi laulemu: patulani mzere umodzi wa misasa pafupi ndi bwalo, muupereke kwa amayi a ku Bolero, Mhuju, Katowo, Mlowe ndi Nchenachena, aliyense aphike za kwawo. Mlendo wochokera ku Blantyre alawe sima ya lipoko, abwerere ndi botolo la uchi ndi paketi ya khofi wa ku Phoka. Mdzukulu wa Mlowoka asachite manyazi ndi malonda.

Mutu umodzi susenza denga. A tcheyamani a ku Limbe, a kwa Tsoka, a ku Zigwagwa, a pa Rumphi Boma, kambiranani. Mukazengereza, tsiku lina mudzamva pawailesi kampani ina ikulengeza tsiku la nsima, nsimayo ili m'kabokosi, mtengo wake wa nkhuku yathunthu, inu mukuonerera kunja kwa galasi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.